Malata a Mayi Nakwenda

Ku ufumu wa Mawatidya kunalibe munthu wosauka. Lamulo linaletsa. Mfumu Mlengalenga Wachitatu inapitikitsa mawu amenewa m'dziko chaka chomwe inakhala pampando, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wogona ndi njala ankatchedwa wodikira. Zinthu zinayenda bwino choncho mpaka tsiku lina kunamveka mphekesera yakuti Akufunakwabwino a kutsidya kwa nyanja, anthu amene thumba lawo silidziwa chilala, amathandiza maiko okhawo amene ali ndi amayi otsalira pa chitukuko. Mfumu inasiya chakudya chikali chotentha, niitanitsa nduna zake zonse, nilamula kuti amayi oterewo apezeke dzuwa lisanalowe.

Chovuta chinali kugwirizana kuti mayi wotsalira amaoneka bwanji. Nduna ina inati ndi amene amayenda wopanda nsapato. Mawuwo anakanidwa, chifukwa Mfumukazi nayo inkakonda kuponda makapeti a kunyumba yachifumu ndi mapazi okha. Nduna ina inati ndi amene amadya kamodzi patsiku. Awanso anakanidwa, pakuti akanakokera mu ukonde aphunzitsi onse, anamwino ndi akazi a apolisi, ndipo dziko likanachita manyazi. Kenaka anadzuka a Mimbayatsogola, munthu amene ankalowa m'chipinda kawiri, poyamba mimba kenaka mwini wake.

"Mwini Dzuwa, Bambo wa Amayi Onse," anatero atagwada ndi bondo lomwe linkalola, "mayi wotsalira ndi amene amagona m'nyumba ya udzu. Mayi wotukuka ndi amene amagona m'nyumba ya malata. Ubwino wake ngwakuti zonsezi zimaoneka munthu uli m'galimoto, osatsika, osadetsa nsapato."

Bwalo lonse linaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. A Mimbayatsogola anatuluka m'menemo ali Nduna Yotukula Amayi Otsalira, ndi galimoto yatsopano yoonera madenga. Za amene adzagwire ntchitoyo sizinavute. Ku Sukulu Yaukachenjede ya Nzerunzathu kunali ophunzira ambirimbiri, ndipo wophunzira salipidwa. Lamulo linatuluka lakuti aliyense wa chaka chomaliza azipita ku atachimenti kumudzi: akapeze mayi mmodzi wa nyumba ya udzu, akamuphunzitse bizinesi, akamusiye m'nyumba ya malata. Wolephera, gauni adzaionera pa anzake. Pambuyo pake anawonjezera kuti mayiyo asakhale wachibale, chifukwa chaka choyamba ana a nduna onse anatukula azakhali awo, ena mpaka nyumba zosanja.

Lamuloli litatha zaka zingapo inafika nthawi ya Ndaziona Kalimbakatha, mtsikana wamtali, wa mpata m'mano, amene ankaphunzira za chitukuko cha m'midzi ndipo, tsoka lake, ankazikhulupirira. Tsiku lowatsanzika iye ndi anzake anaima padzuwa pabwalo lachifumu kuyambira m'mawa. Mfumu inatuluka masana, ili pansi pa ambulera yogwiridwa ndi munthu wina.

"Ana anga!" inatero. "Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Nchifukwa chake mutu wanga waganiza, mitu yanu ikasenze."

Wophunzira aliyense analandira malaya a nkhope ya Mfumu ndi kapepala kofotokoza kapangidwe ka sopo. Wina wolimba mtima anafunsa kuti nanga malata achokera kuti. A Mimbayatsogola anamuyang'ana momumvera chisoni.

"Mwaphunzira zaka zonsezi kuti muzipempha malata ku boma? Gwiritsani ntchito nzeru."

Amene abambo awo anali ndi masitolo anakazipeza nzeruzo m'masitolo a abambo awo. Abambo ake a Ndaziona anali kumanda kuyambira iye ali wakhanda, choncho nzeru zake zonse zinali m'mutu, ndipo nzeru za m'mutu sizifolera nyumba. Unduna unamutumiza ku Dikirani, kwawo komwe, kuti usavutike ndi za thiransipoti.

Msika wa Dikirani unkanunkhira sopo munthu usanaoloke mlatho. Chaka ndi chaka ophunzira ankabwera ndi kapepala komweko, ndipo amayi onse otukulidwa ankagulitsa sopo, mzere ndi mzere, mpaka wa matimati kusowa pokhala. Ogula kunalibe. Amayiwo ankangogulana okhaokha, uyu kugula wa mnzake m'mawa, mnzake nkudzagula wake madzulo, kuti dzanja lisaiwale malonda. Pansi pa thambo panalibe anthu anjala osamba bwino kuposa a ku Dikirani.

Ndaziona anayamba ndi Nagama, mayi wonenepa bwino amene kutsalira kwake kunali kotchuka m'boma lonselo.

"Mayi, ndimati ndikutukuleni," anatero atagwira manja mwaulemu.

Nagama anamuyang'ana kuyambira kunsapato. "Iwe si mwana wa Nakwenda iwe? Wakulatu. Malata uli nawo?"

"Ndiyesetsa kuwapeza."

"Kuyesetsa sikutchinga mvula, mwanawe. Komanso wachedwa. Chaka chino anandigwira kale mwana wa Nduna ya Misonkho. Chaka chatha ananditukula wa Nduna ya Misewu, mnyamata wabwino, malata ake olimba. Ine ndimatukuka mwezi wa Disembala. Pofika Febuluwale ndagulitsa malata, ndagula chimanga, ndatsaliranso. Kutsalira kwangaku ndiye munda wanga. Funsa mzere wonsewu, palibe amene angakupatse kutsalira kwake ulere."

Sananame. Ndaziona anayenda mudzi ndi mudzi mpaka nsapato kutsegula pakamwa. Nyumba iliyonse ya udzu ya m'mbali mwa msewu inali ndi mwini wake wa ku yunivesite. Kuseri kwa mapiri kunali amayi amene ngakhale udzu womwewo unkawasowa, ndipo iye anawapeza, nakhala nawo pansi, namva zawo mpaka mtima kumuwawa. Koma kumeneko galimoto ya Nduna sinkafika, ndipo mwalamulo kumene galimoto sifika kulibe anthu. Ngakhale akanapeza mayi, malata akanawatenga kuti? Anabwerera kwa amayi ake mutu uli pansi.

Nyumba ya Nakwenda inali pamsewu penipeni, ndipo denga lake linkathobwa m'maso. Malata amenewo sanabwere pa lole. Nakwenda ankakazinga mtedza nkusinja chiponde, ndipo chiponde chake chinkadziwika mpaka kwa madalaivala a mabasi. Akapeza kangachepe ankapita kusitolo, nkugula lata limodzi, nkubwera nalo pamutu likulira ndi mphepo, nkulilowetsa pansi pa bedi. Fizi ya Ndaziona ikafika, lata limodzi kapena awiri ankatulukanso pansi pa bedipo kubwerera kumene anachokera. Mulu unkakwera nkutsika, kukwera nkutsika, mwana akukula. Lata lililonse ankalidziwa: ili la chaka chomwe mtedza unabereka, ili la chaka chomwe sanagule chitenje, ili lopindika pakona la tsiku lomwe anagwa nalo pamlatho. Chaka chathachi mpamene anakwana. Mvula yoyamba itagwa, Nakwenda anakhala pakati pa nyumba miyendo ili tambalale, kumvetsera phokoso la padenga, ndipo aliyense amene anayesa kumulankhula anauzidwa kuti adikire nyimbo ithe.

Masana amenewo Ndaziona anawapeza amayi ake ali pamtondo. Anawafotokozera zonse, misozi ili m'makona a maso. Nakwenda sanasiye kusinja.

"Kwenikweni akufuna chiyani anthu akowo?"

"Akufuna aone udzu, amayi. Kenaka adzaone malata."

"Basi?"

"Basi."

"Safunsa kuti malatawo achokera kuti?"

"Safunsa."

Nakwenda anatsamiritsa munsi pakhoma. Anakweza maso, nayang'ana denga lake nthawi yaitali.

"Kaitane a Jailosi abwere ndi hamala."

"Ayi, amayi! Denga lanu?"

"Nanga digiri yako? Denga ndi malata, timachotsa, timakhomanso. Zaka zomwe ndasinja mtedza kuti ufike pamenepa, ndani angandikhomerenso?"

"Koma lamulo likuletsa wachibale."

"Ndiye ndilibe mwana. Iwe ndiwe Kalimbakatha, ine ndine Nakwenda. Pamapepala awowo tikumana pati?"

Tisamunamizire Ndaziona, analira. Analira kwenikweni, ndipo anati sangachite zimenezo ngakhale atamumanga. Koma akulira choncho miyendo yake inkalowera kwa a Jailosi, kalipentala wa m'mudzimo.

A Jailosi anagwira ntchitoyo akupukusa mutu. Potsitsa malata ankawasanja mwandondomeko, limodzi pamwamba pa linzake, monga momwe analili padenga.

"Mayi," anatero, "lata likachotsedwa limasunga mabowo ake. Kuti lisadzadonthe, libwerere pamalo pake penipeni, msomali pabowo lake lomwelo. Muluwu wina asausokoneze. Ndipo tikhome mvula isanabwere."

"Ndi zamasabata awiri izi, a Jailosi," anatero Ndaziona. "Akangoona, tibwezera."

Unali mwezi wa Okutobala. Udzu wabwino wofolera anthu amamweta nthawi yozizira, ndipo tsopano tchire lonse linali litapsa. Anachita kupempha udzu wakale wa pakhola la mbuzi la mnansi, woola, wothothoka, nayala pepala la pulasitiki pansi pake kuti uthandizike. Nyumba imene dzulo inkathobwa m'maso inaoneka ngati nkhuku yonyowa.

Ntchito yoyendera madenga a Mimbayatsogola sankaipatsa munthu wina, chifukwa ulendo uliwonse unali ndi alawansi yake. Galimoto yawo itafika pa nyumba ya Nakwenda inaima, ndipo kunachitika chinthu chomwe sichinaonekepo ku Dikirani: Nduna inatsika. Anthu anathamanga kudzaona. Nakwenda anatuluka atavala chitenje chomwe ankapukutira mapoto, nagwada pafumbi.

"Mayi, muli ndi mwamuna?"

"Anatsogola, bwana."

"Mwana?"

"Ndilibe, bwana."

Ndaziona anali chiimire pambali pawo, ndi chipumi chomwecho, mpata wa m'mano womwewo, kaimidwe komweko. Wakhungu yemwe akanazindikira pongomva mawu awo. Anthu a m'mudzi onse anapeza chochita ndi zala zawo za kumapazi. Nduna sinaone kanthu, poti ntchito yake inali yoona madenga, osati nkhope.

"Bizinesi mumaidziwa?"

"Ndimangoionera kwa anzanga, bwana."

A Mimbayatsogola anazungulira nyumbayo maso akuwala ngati munthu amene watola chikwama.

"Ndayenda dziko lonse lino, koma kutsalira kotere sindinakuonepo. Uku ndiye kutsalira kwenikweni, kopanda chinyengo! Mtsikana iwe, uli ndi mwayi. Akufunakwabwino akubwera kudzaona ntchito yathu, ndipo Mfumu imafuna nyumba yoti ikawaonetse. Ndi inoyi. Mfumu idzakhoma yokha msomali woyamba. Malata wapeza?"

"Ndapeza, bwana. Ali kwa kalipentala. Timati tikhome sabata yamawa."

"Mukhome? Alendo adzaone chiyani? Palibe kukhudza kanthu pano mpaka tsikulo. Malatawo akwere lole apite kulikulu akapakidwe utoto wachifumu. Mfumu sibwera chimanjamanja." Analoza padenga ndi ndodo. "Ndipo pulasitikiyo achoke. Akuoneka ngati chitukuko."

Asanakwere galimoto analamulanso kuti mayiyo asaoneke akugulitsa chilichonse kupatula sopo wa kapepala, kuopa kusokoneza alendo. Madzulo ake lole inabwera. Anyamata a ku unduna anaponyamo malata mmene anafunira, a Jailosi akuyang'ana manja ali kumbuyo.

Tsiku la Mfumu linayamba kusuntha. Poyamba linasuntha chifukwa diresi la Mfumukazi linali lisanathe kusokedwa. Kenaka hamala yagolide yokhomera misomali yoyamba inasowa, ndipo panakhazikitsidwa komiti yoifufuza, yomwe inakumana ku hotela ya kuphiri mpaka hamalayo inapezeka m'nyumba mwa wapampando. Kenaka Akufunakwabwino analemba kuti angakonde kubwera kwawo kukazizira kwambiri. Mitambo yokha ndi imene sinalandire uthenga wosintha tsiku. Chizimalupsa chinagwa, anthu nkuti nchochepa. Kenaka inabwera mvula yeniyeni, ndipo paja mvula ikakuona litsiro sikata.

Ndaziona ankagona kusukulu ya pulayimale, monga mlendo wa boma, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera atavala nkhope ya Mfumu pachifuwa kudzaphunzitsa amayi ake kupanga sopo. Ankawapeza atakhala pakona imodzi yomwe inkadontha pang'ono, bulangete lili chinyontho, maso ofiira. Matumba a mtedza omwe Nakwenda anasunga kuti adzasinje mitengo ikakwera anachita nkhungu. Tsiku lomwe anawakhuthulira kudzala, Ndaziona sanathenso kupirira.

"Amayi, zakwana. Ndikupita kukawauza zoona. Gauniyo ikhale."

"Ukawauza, malata anga ali kuti?"

Ndaziona anayang'ana kumsewu kumene lole ija inalowera.

"Ali kulikulu," anatero Nakwenda. "Ukatsegula pakamwa, digiri yapita, malata apita, ndipo ine ndi iwe tikagona kupolisi chifukwa chonamiza Mwini Dzuwa. Ubwino wake kumeneko kuli denga. Walira mvula walira matope, mwana wanga. Tenga ndodoyo, vundula sopo wakoyo."

Mfumu inafika sabata ya Khirisimasi. Msewu unathiridwa dothi latsopano kuyambira pamlatho mpaka pakhomo pa Nakwenda, osapitirira. Amayi a sopo anavekedwa nsalu za nkhope ya Mfumu, navina m'matope kuyambira m'mawa. Akufunakwabwino anatsika m'galimoto zawo atavala zipewa zazikulu, ndipo ataona nyumbayo anagwira pakamwa. Mmodzi wa iwo, mayi wa tsitsi la imvi, analowa m'katimo, natuluka akupukuta maso. Anajambula udzu, anajambula bulangete lonyowa, anajambula mapazi a Nakwenda.

Kenaka inafika lole yokongoletsedwa ndi maluwa. Malata anatsitsidwa ali obiriwira ndi utoto wachifumu, anthu akuimba. Nakwenda sanachite kuwawerenga. Anangoona msinkhu wa muluwo nadziwa kuti ena sanabwerere. Zinamveka pambuyo pake kuti mwezi womwewo agalu a Nduna kulikulu anasiya kunyowa.

Mayi wa imvi uja anawerama pamuluwo, nalowetsa chala pabowo la msomali, nafunsa kudzera mwa womasulira chifukwa chake malata atsopano anali ndi mabowo. Pabwalo panagwa bata. Koma a Mimbayatsogola sanakhale nduna chifukwa cha mimba yokha.

"Awa ndi malata amakono," anatero. "Opumira. Akatswiri athu anaona kuti mayi wotsalira akangolowa mwadzidzidzi m'nyumba yosalowa mphepo, thupi lake limadabwa. Timamutukula pang'onopang'ono."

Mayi wa imviyo anagwedeza mutu, nanena kuti nzeru imeneyi akaifotokoza kumaiko ena.

Inafika nthawi yakuti wophunzira alankhule. Mawu ake anali atalembedwa kale ku unduna. Ndaziona anaima kutsogolo kwa Mfumu, kutsogolo kwa anthu amene anamuona akukwawa, amene ankadziwa kuti pensulo yake yoyamba inagulidwa ndi chiponde.

"Pamene ndinawapeza mayi awa," anawerenga, "sankadziwa chilichonse cha malonda. Sankadziwa kusunga. Sankaganiza za mawa."

Kumbuyo kwa gulu Nagama anatsokomola chifuwa chomwe analibe. Ndaziona anamaliza zonse mpaka pa mzere wothokoza Mfumu, ndipo anadzida kuposa mmene anadera munthu wina aliyense chibadwire.

Nakwenda naye anapatsidwa chimkuzamawu. Iye analibe pepala, poti mwalamulo sankadziwa kuwerenga.

"Ndikuthokoza Mwini Dzuwa chifukwa cha malatawa," anatero modekha. "Ndikawayang'ana, mtima wanga ukuchita ngati unawadziwa kale. Ndikuthokozanso mtsikanayu. Ine ndilibe mwana. Koma amene anamubereka, kulikonse kumene ali, anyadire."

Akufunakwabwino analira poyera. Amayi a ku Dikirani analiza nthungululu yaitali kuposa yomwe anauzidwa, ndipo Mfumu inaiyesa yake. Popeza Mwini Dzuwa sakwera makwerero, anaibweretsera lata ndi thabwa patebulo. Inakweza hamala yagolide, niphonya, nimenyanso, msomali nkupindika. Wailesi inalengeza kuti nyumba yatha.

A Jailosi anakwera padenga mawa lake, alendo atapita. Malata anali atasokonezeka, ndipo palibe lomwe linkakumbuka malo ake. Mabowo akale sankakumana ndi mitengo ya denga, choncho anaboola atsopano, akale nkutsala chitsegukire. Anayesa kuwamata ndi phula, koma dzuwa la Januwale linkalisungunula masana, mvula nkumalizitsa madzulo. Malatawo anakwana mbali ya kumsewu ndi kachigawo ka kumbuyo. Chipinda chomwe Nakwenda ankagona chinatsala ndi udzu wa mbuzi uja. Koma munthu ukakhala m'galimoto, osatsika, nyumbayo inkaoneka yotukuka kwambiri.

Ndaziona anakhoza kuposa onse a chaka chake. Ku mwambo wovala magauni amayi ake sanapite, chifukwa mipando inali ya makolo okha, ndipo dziko lonse linali litamva pawailesi kuti Nakwenda alibe mwana. Mwambo utatha a Mimbayatsogola anamuitanira pambali.

"Mtsikana iwe, unduna sutaya anthu ngati iwe. Kuyambira mwezi wamawa ndiwe woyang'anira madenga m'chigawo chonse cha kwanu. Ofesi, njinga yamoto, penshoni."

Ndaziona anaona mdima ndi kuwala nthawi imodzi. Anzake amene anamaliza zaka zam'mbuyo ankawaona tsiku ndi tsiku padepoti akugulitsa mayunitsi, madigiri ali m'masutikesi.

"Ntchito yako yoyamba njosavuta," inapitiriza Nduna. "Akufunakwabwino aja anakhudzidwa kwambiri. Mabwana awo enieni, a thumba lalikulu, akufuna kubwera chaka chino kudzaona ndi maso awo. Koma akufuna kuona kuyambira pachiyambi, mmene zinalili. Zithunzi sizikuwakwanira. Mayi uja umamudziwa bwino, amakumvera. Pofika Okutobala, nyumba ija ikhale yokonzeka."

Ndaziona sanati inde, sanati ayi. Ku Mawatidya kutero ndiko kuvomera.

Gauni inali yobwereka, yoyenera kubwezedwa Lolemba, koma iye anakwera nayo basi kupita ku Dikirani kuti amayi ake aione. Njira yonse ankakonza mawu. Pamlatho anaganiza zokana ntchitoyo. Pamsika, ataona mizere ya sopo, anaganiza zoilandira kuti adzawagulire amayi ake malata ena, atsopano, opanda mabowo, mwina chaka chamawa, mwina chinacho. Pofika pakhomo analibe mawu alionse, ndipo mvula ya masana inali itayamba.

M'nyumba munali mabeseni paliponse, omwe aja ankapakuliramo chiponde, lililonse pansi pa bowo lake. Nyimbo ya padenga ija inalipobe, koma tsopano inali ndi oyankha pansi. Nakwenda anamuuza kuti avale zonse, ndi chipewa chomwe. Ndaziona anavala, naima pakati pa mabeseniwo. Amayi ake anamuzungulira pang'onopang'ono, nagwira nsaluyo ndi nsonga za zala, kenaka analiza nthungululu imodzi yokha, yaitali, m'nyumba mopanda mlendo, mopanda Nduna, mopanda wojambula.

"Mwana wanga," anatero. Anabwerezanso, ngati munthu amene akulawa chakudya chomwe adokotala anamuletsa. "Mwana wanga."

Apo mpamene Ndaziona anagwa m'manja mwawo akulira.

"Amayi, andipatsa ntchito. Koma akuti... akuti chaka chino..."

"Ndamva kale. Nagama anandiuza dzana. Nkhani za kulikulu zimafika pamsika zisanafike kwa eni ake."

"Ndikana, amayi. Ndikawauza kuti sindingathe."

"Ukakana atumiza wina, wosadziwa kusanja malata. Bola iwe, udzaonetsetsa kuti lole ibweze onse." Nakwenda anamupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, nakweza maso kudenga. "Usadandaule. Tsiku lomwe a Jailosi ankakhoma ndinawauza kuti misomali asaimenye mpaka kumutu. Ndinabadwira ku Mawatidya konkuno ine."

Dontho linagwera paphewa la Ndaziona, lina nkutsatira. Amayi ake anamukoka dzanja.

"Suntha apo, pakudontha. Gauniyo ndi ya eni."

Ndaziona anasuntha, ndipo Nakwenda anakankhira beseni ndi phazi pamalo pomwe mwana wake anaima.